Chiuno cha Mfumu Msatsutse

Kuli dziko lina, musavutike kulifuna pa mapu, lotchedwa Tilibwino. Dzinali linabwera chifukwa anthu akumeneko, kaya agona ndi njala, kaya denga lapita ndi mphepo, kaya mbuzi yawo yatsagana ndi asilikali, ukawafunsa amayankha chimodzimodzi: “Tili bwino, kaya inu.” Amene anayesapo kuyankha zina anakamalizira yankho lawo ku Kaiwalike, chigwa chakutali kumene ngakhale kalata imaopa kupitako.

Dzikoli linkalamulidwa ndi Mfumu Msatsutse Wachiwiri, munthu wachifundo chochititsa mantha. Chaka chimene inalowa ufumu kunali chilala, ndipo inaima pabwalo la mzinda wa Ombani, misozi ili mbwembwembwe, n'kulumbira kuti: “Ana anga, malinga ngati inu mukuvutika, chiuno changa sichidzakula ngakhale ndi chala chimodzi!” Tsiku limenelo chiunocho chinali mainchesi 34. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse kunkachitika mwambo wa Tsiku la Chiuno. Mfumu inkavala suti yatsopano, telala wa kunyumba yachifumu n'kuizunguliza tepi pamaso pa khamu lonse, n'kufuula kuti, “34!” Abambo ankaomba m'manja, amayi n'kululutira, kenako aliyense ankabwerera kwawo atagwirizira buluku kuti lisagwe.

Telalayo anali Dolika Nachanza, mtsikana wa manja aluso ndi mtima wapachala. Ntchitoyi anaitenga kwa malemu bambo ake pamodzi ndi makina opalasa ndi phazi, shedi ya pakona mumsika wa Nong'ona, ndi matepi awiri. Tepi yoyamba inali ya pabwalo. Chaka ndi chaka Dolika ankailemba yekha ndi penti, mainchesi ake akunka natalikirana ngati mano a nkhalamba, kuti 34 azikumanabe pamchombo pa mfumu. Tepi yachiwiri inali yeniyeni, yodulira nsalu, pakuti nsalu siopa mfumu. Zimene tepi imeneyi inkanena, Dolika ankazilemba m'kope lachikuto chofiira. Lamulo lake linali lalifupi: tsiku limene nambalayo idzamveke kunja, makina adzalandidwa ndipo shedi idzagwetsedwa. Ndipo Dolika wopanda makinawo akanakhala yani?

Tsiku lina nduna zitasonkhana kubwalo lachifumu, Dolika anali chogwada kumapazi a mfumu akupinda mwendo wa buluku, mapini ali m'kamwa. Apo anaimirira a Kasuzumira, Nduna ya Zamakono ndi Zomvamva, foni ili m'mwamba ngati akuonetsa mwana wobadwa kumene.

“Mwini Dziko, anthu anu akuzunzika ndi kuiwala. Akalemba pa timapepala, chiswe chikudya. Akasunga m'mutu, mutu ukupita nazo kumanda, boma osamvako kanthu. Ndiye ndabweretsa Sungani Nafe, kope la pa intaneti. Munthu ungolemba pa foni, lokha likusanjira: mutu wa nkhani pamwamba, timitu tating'ono m'munsi mwake. Foni igwere m'chimbudzi, zolemba zako zili gwa! Ndipo ndi laulere.”

“Zolembazo zimakagona kuti?” inafunsa mfumu.

“Kumtambo, Mwini Dziko.”

Nduna zonse zinayang'ana kudenga n'kugwedeza mitu mwanzeru. Nduna ya Zaulimi inafunsa ngati zimenezi sizitsekereza mvula, ndipo pomwepo anasankha komiti ya anthu khumi kuti ikafufuze. Dolika anali ndi funso lake, koma linakanirira pa mapini. Mapini a m'kamwa apulumutsa matelala ambiri m'dziko la Tilibwino.

Tinene chilungamo, chinthucho chinali chokoma. Dolika atachiika pa foni yake anangolembamo mosokoneza za ulusi, mazipi ndi madiresi a ukwati wa Loweruka, icho n'kumusanjira mwaudongo kuposa mphunzitsi wa sitandade 8. Kope lofiira linali litanyowapo kawiri ndi mvula, tsamba limodzi linadyedwa ndi mbuzi. Mtima unayamba kumunyengerera: bwanji osangosamutsira zonse mmenemu? Chala chinafika mpaka polemba mutu woti “Miyeso ya Akuluakulu”, kenako chinaima. Safunsa anadya phula. Anatseka shedi n'kupita kwa a Layisoni, okonza mafoni, amene benchi yawo inayang'anizana ndi chiwaya cha mayi Nankwenya, okazinga zigege.

“A Layisoni, chinthu ichi munthu angachikhulupirire?”

“Munawerenga zimene munavomera zija, Nachanza?”

“Ziti?”

“Zobwera koyambirira zija. Masamba 90, pansi pake batani loti Ndavomera.”

“Aaa, inunso! Ndani angawerenge zimenezo? Ndinangodina.”

“Ine ndinayesa,” anatero a Layisoni akupukuta magalasi. “Ndinafika tsamba 12, ndinadzidzimuka ndikutuluka dovu. Koma funso ndi limodzi, chemwali. Nkhokwe ndi yokongola, chimanga mwathiramo. Nanga makwerero ali ndi ndani?”

“Akuti pali pasiwedi. Yanga ndikuidziwa ndekha.”

“Eya. Loko ndi wanu. Amene anakugulitsani lokoyo anakupatsani makiyi angati, ndipo anatsala nawo angati?”

“Ine musandinyozere chinthu chabwino,” analowerera mayi Nankwenya akutembenuza zigege. “Ndinalembamo kuti bambo a kunyumba ndi aulesi, amangogona masana onse. Sabata isanathe anawaitana kuti akhale wapampando wa komiti yachitukuko.”

Msika wonse unaseka chapansipansi, monga mwa dzina lake. Koma Dolika sanali munthu wokhutira ndi zamveka. Nsalu yachilendo amayamba waviika kachidutswa m'madzi kuti aone ngati isuluka. Madzulo a tsiku lomwelo anatsegula Sungani Nafe n'kulemba mzere umodzi: “Buluku la a Nduna Kasuzumira lafumuka msoko kumbuyo, eni ake sakudziwa. Ndiwauze bwanji?”

M'mawa mwake a Nduna anabwera kudzatsegulira chimbudzi chatsopano cha mumsika, chimene chinali chisanakumbidwe. Dzuwa linali la mu Okutobala, koma iwo anali atamanga jekete m'chiuno. Ankayenda chammbali ngati nkhanu, msana uli kukhoma, ndipo atadula riboni anabwerera chafutambuyo mpaka anafika pa shedi ya Dolika.

“Mayi telala, ndimangodutsa. Tandionereni buluku ili ngati lili bwino.”

Dolika anawazungulira pang'onopang'ono. “Lili bwinobwino, Bwana Nduna. Kodi wina wakuuzani kuti lang'ambika?”

“Ayi, ayi! Ndani? Ndinangolota.”

“Maloto a masiku ano akugwira netiweki,” anatero mayi Nankwenya kuuza chiwaya chawo.

Nkhani inayenda mumsika ngati moto wa lupsa. Kuyambira tsiku limenelo aliyense ankatsegula Sungani Nafe m'mawa, n'kulembamo “Tili bwino”, n'kutseka. Zenizeni zinabwerera pa mapepala a simenti ndi m'makope a ana asukulu. A Kasuzumira, ataona kuti mtambo wadzaza ndi moni wokhawokha, anathamangira kwa mfumu, ndipo Lachisanu wailesi inalengeza Lamulo la Makope: pepala ndi mdani wa chitukuko, mmisiri aliyense, kalipentala, telala, ngakhale wometa, azilemba za ntchito yake mu Sungani Nafe basi, makope onse aperekedwe kwa asilikali.

Asilikali atayamba kusecha kumzere wa tomato, Dolika anatenga kope lofiira, momwe munali zolemba za bambo ake za zaka makumi awiri, n'kulisonkhezera pansi pa chiwaya cha mayi Nankwenya. Analiyang'ana likupsa, mano ali gwa.

“Mbava!” anatero. “Atilanda chimanga, takhala chete. Atilanda mbuzi, takhala chete. Lero akufuna ndi za m'mutu zomwe? Ndipita komweko ndikawauze pamaso!”

“Mukawauze, ife tikusungirani malo pa lole ya ku Kaiwalike,” anatero a Layisoni. “Khalani pansi, Nachanza. Idyani chigege. Chapsa ndi mbiri ya dziko.”

Vuto linali loti Tsiku la Chiuno linatsala masabata atatu, ndipo Dolika anayenera kuyeza mfumu ndi nduna khumi ndi ziwiri: khosi, chifuwa, mkono, chiuno, mwendo. Mutu umodzi sungasunge zonsezo. Akalemba papepala, amumanga. Akalemba zoona mu Sungani Nafe, a Kasuzumira awerenga, nambala ya mfumu ituluka, makina apita. Anakhala pa makinawo tsiku lonse osasoka kanthu, akungoyang'ana mulu wa zidutswa za nsalu pansi. Kenako anaseka yekha. Lamulo linaletsa kulemba papepala. Silinanene kanthu za kumanga mfundo.

Lolemba anapita kunyumba yachifumu ndi timizere ta nsalu, munthu aliyense mtundu wake. Akazunguliza kamzere pachifuwa, mfundo. Pachiuno, mfundo. Ka mfumu kanali kachikasu, ndipo kanachita kulumikizidwa kawiri. Panalibe nambala paliponse, moti chinsinsicho ngakhale mwini wake Dolika sankachidziwa. Ndipo pofuna kumvera lamulo, anatsegula Sungani Nafe n'kulemba zimene aliyense ankafuna kumva. Mfumu: 34. Nduna, poti mwambo sulola nduna kuposa mfumu chiuno, zonse anazipatsa 33, kupatula Nduna ya Zachakudya, imene polowa pakhomo inkachita kupendekeka. Imeneyo anaipatsa 32, chifukwa cha mkwiyo chabe.

Sanadule n'komwe nsalu. Lachitatu kunabwera kalata ya chidindo chachikulu. Inati dziko lotukuka silingavekedwe ndi makina a phazi. Masuti a chaka chino asokedwa ndi kampani ya Mlamu Fashoni, ya makina amagetsi, imene siisowa kuyeza munthu poti miyeso yonse ili kale kumtambo. Dolika adzangobwera kudzafuula nambala pabwalo komaliza, ndipo mwambo ukadzatha makina ake adzatengedwa kukaikidwa ku Nyumba Yosungirako Zinthu Zochititsa Manyazi. Mwini kampaniyo anali mlamu wawo wa a Kasuzumira, amene mpaka mwezi wathawo ankagulitsa matayala akale.

Dolika anawerenga kalatayo kawiri. Akanatha kuthamanga kukachenjeza kuti manambalawo ndi ongopeka. Koma akanayamba bwanji? Kunena kuti 34 ndi bodza, m'dziko la Tilibwino? Anapinda kalata, n'kudzoza makina ake mafuta, n'kudikira.

Mwina mufunsa kuti, kodi a Kasuzumira analibe maso? Anali nawo awiri, akuluakulu. Mimba ya mfumu ankaiona tsiku lililonse ikulowa m'chipinda mwini wake asanafike. Koma nambala ya pabwalo akanatha kuikayikira. Iyi anaiba okha m'kope lachinsinsi la telala, ndipo kwa munthu wosuzumira, chobedwa ndiye choona. Komanso ataona kuti iwo ndi 33, anadziyang'ana pagalasi n'kuvomereza kuti akhala akudziona molakwika.

Tsiku la Chiuno linafika, bwalo la Ombani litadzaza mpaka m'mitengo. Dolika anaima pafupi ndi nsanja, tepi yapenti ili m'khosi, timizere take tili m'thumba. Ng'oma zinalira, nduna zinatuluka.

Abale, anthu anaona zinthu. Nduna zinkayenda miyendo ili tang'a ngati ana ovekedwa thewera lonyowa, manja ali m'mbali osatha kutsika. Nduna ya Zamaphunziro itayesa kukweza mkono kuti ipereke moni, jekete linalira kuti kwee! kuyambira pakhosi mpaka pamchira. Batani la Nduna ya Zachakudya linathawa ngati mwala wa legeni n'kukagunda ng'oma yaikulu, woimba n'kuyankha. Zitafika pa mipando, palibe inayerekeza kukhala.

“Taonani ulemu,” anatero mayi Nankwenya. “Zaka zonsezi, lero ndiye atiimirira.”

“Musawaseketse,” anayankha a Layisoni. “Wina akapuma mwamphamvu tivulala.”

Koma mfumu sinatuluke. Ng'oma zinalira, zinatopa, zinayambiranso. Kenako asilikali awiri anagwira Dolika m'mikono n'kumuthamangitsira m'nyumba yachifumu.

M'chipinda chovalira, Mfumu Msatsutse Wachiwiri, Mwini Dziko, Tate wa Anjala, inaima ndi malaya ndi kabudula wam'kati wamaluwa, buluku latsopano litakanirira m'mawondo. Pambali pake panali a Kasuzumira, thukuta lili kamukamu, akupuma mosamala ngati munthu wonyamula mazira.

“Kasuzumira,” inatero mfumu, “buluku ili landikana.”

“Ndi 34 yeniyeni, Mwini Dziko. Tinayeza ndi makina amagetsi.”

“Ndiye ukuti ine si 34?”

“Ayi! Ndani anganene zimenezo? Ndi mtsikana uyu! Analemba zabodza!”

Dolika anagwada, ndipo mawu anatuluka osalala. “Ine ndinalemba kuti Mwini Dziko ndi 34. Ngati a Nduna akuti limenelo ndi bodza, anene okha, ine ndilibe pakamwa potero.”

Thukuta la a Kasuzumira linayamba kudonthera pa suti.

“Chondidabwitsa n'chimodzi, Mwini Dziko,” anapitiriza Dolika, poona kuti msoko wayamba kufumuka ndipo ndi bwino kungoukoka. “Ndinalemba m'kope langa la pa foni, lokiya ndi pasiwedi yanga. Sindinaonetse munthu. A Nduna anaziona bwanji?”

Nkhope ya mfumu inasintha pang'onopang'ono, ngati nsalu yotsika mtengo ikalowa m'madzi.

“Kasuzumira. Inenso ndimalembamo mmenemuja.”

“Zanu sitikhudza, Mwini Dziko! N'zopatulika!”

“Mndandanda wa zimene ndimadya Lachiwiri, tsiku limene dziko limadziwa kuti ndimasala?”

“Sindinauone, Mwini Dziko.”

“Ndakatulo zimene ndimalembera mayi oyambitsa nyimbo ku kwaya aja?”

“Sindinawerengeko ngakhale imodzi. Makamaka yachitatu ija, yowayerekeza ndi dzungu, sindinaione n'komwe.”

Mfumu inafuna kuwalumphira, koma buluku linaigwira miyendo, n'kungokhala pansi kuti phwa! Panja khamu linali litayamba kuimba nyimbo yofunsa ngati kuli maliro. Mfumu inatembenukira kwa Dolika, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake inalankhula ngati kasitomala.

“Mwana wanga, pali chimene ungachite?”

“Nsalu yonse yachifumu a Mlamu aidula tizidutswa,” anatero Dolika. “Koma buluku la chaka chatha lilipo. Ife matelala a phazi, tikamasokera munthu amene tsogolo lake likuoneka, timapinda nsalu yotsala n'kuibisa m'kati mwa msoko. Ndikafumula, mulowa. Koma pamafunika makina anga, ndipo ndamva kuti ndi ochititsa manyazi.”

“Ndani ananena zopusazo? Ndi chuma cha fuko! Asilikali, katengeni!”

“Ndi shedi yanga ikhale.”

“Ikhale!”

Apa munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma Dolika anakumbukira kope lofiira likupsa, ndipo mtima wapachala uja unadzuka. “Ndi makope a anthu abwerere, Mwini Dziko. Onse. A akalipentala, a ometa, a azimayi a zigege. Wofuna kulemba pa foni azilemba mwa kufuna kwake, atauzidwa poyera amene ali ndi kiyi.”

“Iwe mtsikana, ukulamula mfumu?”

“Ayi, Mwini Dziko. Ndikungoti dzanja langa likakhumudwa limasoka mokhota.”

Mfumu inayang'ana mawondo ake, inamvetsera nyimbo ya panja, n'kuitana mlembi. Pomwepo linalembedwa lamulo loti, mwa nzeru zake zakuya, Mwini Dziko watulukira chida chatsopano chosafuna batire chotchedwa pepala, ndipo walipereka kwa anthu ake ngati mphatso. Sungani Nafe sanathetsedwe, musaganize kuti ku Tilibwino zinthu zimatha chotero; kiyi wake anangosamukira m'thumba la mfumu, ndipo izi zinalengezedwa pa wailesi kuti anthu asangalale. A Kasuzumira anakwezedwa pa udindo kukhala Kazembe wa dziko ku Kaiwalike, ndipo anauzidwa kuti anyamuke tsiku lomwelo, suti ili m'thupi.

Ali pawindo, Dolika anaona makina ake akudutsa pakati pa bwalo, atasenzedwa pamitu ya asilikali anayi, wachisanu akuwatchingira ambulera. Khamu linapatuka kuwapatsa njira. Anthu anangoyamba kuomba m'manja, ndipo kuomba kwake kunali kwachilendo, kochokera pansi pa mtima, moti asilikali ena anachita mantha.

Makina ataikidwa pansi, onse anatuluka, n'kutsala awiri. Dolika anafumula msoko wa buluku lakale, anatulutsa kamzere kachikasu n'kukayala pansalu, mfundo ndi mfundo, n'kulemba ndi choko. Mfumu inakhala pa mpando itafunda thaulo, ikuyang'ana kamzereko, kutalika kwake konse, kuchokera pa tebulo mpaka pamene kanakathera pansi. Inayang'ana kukhomo. Inasendeza mpando.

“Nachanza,” inanong'ona. “Pakati pa iwe ndi ine. Kwenikweni ndi angati?”

Dolika anachotsa mapini m'kamwa. Anatsegula kabati ya makina, n'kutulutsa tepi yeniyeni ija, n'kuiika pa tebulo pakati pawo, ili chipindire.

“Mwini Dziko, mukufuna nambala, kapena mukufuna buluku?”

Mfumu inaiyang'ana tepiyo nthawi yaitali, monga munthu amayang'anira njoka imene sakudziwa ngati yafa.

“Buluku,” inatero.

Dolika anaponda makina.